Dalaivala amene ankayenda ndi khasu

Loweruka lapitali tinapita kumudzi, kufupi ndi Madzimoyo, kukavundukula chiliza cha agogo anga a Fabiano Mbewe. Patha chaka chimwalirireni. Ansembe atawaza madzi odalitsa, amalume a Kenedi anafunsa ngati pali mwana amene ali ndi mawu. Anthu anatembenukira kwa ine, poti amadziwa kuti ndimakonda kulemba. Ndinayang'ana nsapato zanga mpaka kwaya inayamba nyimbo. Pagulu mawu sandituluka, komanso amene ndinali nawo tsiku limenelo sanali oyenera kumanda. Ndawasungira pano.

Agogo anali atate awo a amayi anga, ndipo akakhala kuti sali paulendo ankakhala nafe ku Kapata, komboni ya m'tauni ya Chipata. Anayamba kuyendetsa mathiraki amayi asanabadwe. Ankanyamula thonje, chimanga, nshawa (ena amati mtedza), feteleza, chilichonse chimene kampani yawapatsa. Kumbuyo kwa mpando, kumene madalaivala ena amasungako bulangete ndi kasitovu, iwo ankasungako khasu ndi jekete lakuda.

Khasulo linali la maliro. Aliyense amadziwa kuti pamsewu pakaikidwa masamba ndiye kuti pafupi pagwa zovuta, ndipo galimoto iyenera kudutsa pang'onopang'ono. Agogo sankangochepetsa liwiro. Ankaima. Ankavala jekete lija, kuvula chipewa, kuika khasu paphewa n'kulowera kumene kukumveka kulira, kaya womwalirayo akumudziwa kaya ayi. Akapeza adzukulu, amuna okumba manda aja, ali pantchito, ankapempha malo n'kulowa m'dzenje kwa kanthawi. Akapeza kukumba kwatha, ankakhala pansi ndi amuna anzawo, kufunsa kuti watisiya ndani, anadwala chiyani, kenako n'kutsazika. Msewu wochokera kuboda ya Mwami mpaka ku Lusaka sankaudziwa ndi zikwangwani. Ankaudziwa ndi anthu amene anathandiza kuika: apa mphunzitsi, apo mwana wolumidwa ndi njoka, kutsidya kwa mlatho mayi wogulitsa nthochi. Ankakonda kunena kuti munthu wodutsa maliro a anzake adzadzikumbira yekha, ndipo kudzikumbira n'kovuta poti manja amakhala atauma kale.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Ankapsa mtima msanga. Ankakalipira wailesi, maenje a pamsewu, ngakhale tiyi wozizira. Amayi mpaka lero sanaiwale kuti pa ukwati wawo agogo anafika anthu akutsuka mbale, dothi lofiira lili m'maondo, chifukwa anaima ku Katete pamaliro a munthu amene ngakhale dzina lake analiiwala. Amayi akawakumbutsa, ankayankha kuti ukwati anthu amabwereza koma maliro ayi. Amayi ankangotuluka m'nyumba. Ine ndekha ndi amene sankandikalipira. Ankanditcha a Kalaliki, ndipo nkhani ya pa wailesi ikawakwiyitsa ankandiloza n'kunena kuti ndilembe, a m'tsogolo adzadziwe kuti zitsiru zinaliko kale.

Kenako kampani yawo inaika kachipangizo m'mathiraki onse. Madalaivala sanaonetsedwe pamene kabisidwa, ndiye anangokapatsa dzina loti kazitape. Kamauza ofesi ya ku Lusaka pamene thiraki ili nthawi ina iliyonse, liwiro lake, ndi pamene yaima. Munthu wa mu ofesi amaona kadontho kakuyenda pa kompyuta. Kakaima pamalo osaloledwa, foni ya dalaivala imalira. Kakapatuka pamsewu, angathe kuzimitsa injini ali komweko ku Lusaka.

Amalume a Kenedi, mlongo wawo wa amayi, amagwira ntchito yomweyo yopenyerera timadontho, koma kukampani ina m'tauni muno. Lamlungu tikachoka ku Misa ankabwera kunyumba, ndipo mkangano unali womwewomwewo.

"Atate, thiraki yathu ina inagwera m'chigwa kumapiri a ku Luangwa," amalume anatero tsiku lina. "Palibe anaiona. Tinaipeza ndi kadontho komweko. Dalaivala ali moyo lero."

"Ndiye muzitipenyerera tikagwa. Ine ndaima bwinobwino, matayala onse ali pansi, mukundiimbiranji?"

"Mwini katundu amafuna kudziwa nthawi imene katundu wake afike."

"Thonje lili ndi changu chanji? Lili ndi pakati?"

"Azakhali, mlongo wanu yemwe, ankagona kudepoti ndi matumba a nshawa kudikira thiraki, udzudzu ukuwadya. Lero amalandira uthenga pafoni, amanyamuka thiraki ili pafupi. Kawafunseni ngati akufuna zakale."

"Iwe Kenedi, ndinakutumiza kusukulu kuti uzikakhala pampando n'kumasuzumira akuluakulu akamataya madzi?"

Amalume ankaseka, agogo osaseka. Zimandiwawa kuvomereza kuti amalume sankanama. Za azakhali ndinaziona ndekha. Koma kadontho kamangonena kuti munthu waima. Chimene waimira sikanena.

Chaka china, nyengo yogula thonje, agogo akuchokera kudepoti ina ya kumsewu wa Lundazi, anaimitsidwa ndi anthu amene ananyamula bambo wobayidwa pamimba ndi ng'ombe yake. Anamukweza pamodzi ndi mkazi wake n'kupatuka kulowera kuchipatala cha mishoni ku Tamanda. Foni inalira, iwo osayankha, poti msewu unali wa maenje ndipo manja onse anali pachiwongolero. Ofesi inaganiza kuti thiraki yabedwa. Injini inazima pakati pa minda, chipatala chisanaoneke. Wodwalayo anamaliza ulendo pangolo, ndipo mwa chisomo cha Mulungu anachira. Agogo anatsala ndi thiraki. Masana kunatulukira pikapu ya alonda a kampani, mfuti zili m'manja. Anawagoneka chafufumimba m'fumbi, anthu a m'midzi ataunjikana, ana akuonerera, mpaka atatsimikiza kuti dalaivala ndi yemweyo wolembedwa. Mmodzi anapeza khasu kumbuyo kwa mpando n'kufunsa ngati ankafuna kutema nalo munthu.

Atafika kunyumba, malaya awo oyera anali ofiira ndi fumbi kutsogolo konse. Anakaniza amayi kuwachapa. Anawapachika pamsomali pafupi ndi chitseko kuti aliyense wolowa afunse. Kuofesi anangouzidwa kuti akanayankha foni sizikanachitika, ndipo akadzaimanso pamalo osaloledwa alonda adzabweranso.

Tsopano ndilembe za a Chikoti, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

A Chikoti anali mnzawo wa agogo kuyambira ali ana oweta mbuzi, ndipo ndiwo anali mkulu wa adzukulu kumudzi. Ndiwo anakumba manda a agogo aakazi. Ndiwonso anasema mpini wa khasu la agogo. Anamwalira mwadzidzidzi m'munda mwawo, agogo ali kuboda kudikira mapepala a katundu. Amayi anayesa kuimbira agogo, koma foni yawoyawo inali itatha moto, ndipo ya kampani imangolandira ofesi yokha.

Ine ndi amayi tinapita kumaliro. Nyumba ya a Chikoti ili m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo patsogolo pake pali mtengo wa mkuyu pamene agogo ankaimika thiraki nthawi zonse akamadutsa kumudzi. M'mawa, adzukulu akusonkhanitsa makasu, tinamva mabuleki akufwentha. Thiraki inaima pamkuyu. Anthu ananong'onezana kuti mnzawo wafika. Chitseko chinatseguka. Ndinaona jekete lakuda, mkono umodzi utalowa kale. Ndinaona phazi lawo likutsika mpaka kuponda pansi. Kenako foni inalira. Pabwalo panali zii, moti tonse tinaimva.

Anamvetsera. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Anayang'ana nyumba, anayang'ana azimayi olira pakhonde, anayang'ananso msewu wochokera ku Chipata. Phazi lija linabwerera m'mwamba. Anavula chipewa, anatseka chitseko, ndipo thiraki inanyamuka pang'onopang'ono n'kuponda masamba.

Yohane, mwana wamkulu wa a Chikoti, anaimirira pakati pa bwalo kuiyang'ana mpaka inazimiririka.

Agogo anabwerako ku Lusaka manda atatsekedwa kale. Amayi anagula nkhuku yoti akapepesere. Anaikana. Anati wopepesa ndi wolakwa, iwo akungopita kukafotokoza. Ananyamula khasu lokha. Ife tinawatsatira, amayi atabisa nkhuku ija m'dengu. Tinapeza Yohane akukonola chimanga pakhonde, ndipo agogo anayamba kulankhula asanapatsidwe mpando.

"Yohane mwana wanga, katundu uja anali wotsekedwa ndi chidindo cha kuboda. Anandiuza kuti ndikangochoka pathiraki, alonda anyamuka. Unafuna mfuti pabwalo la atate ako? Unafuna andigoneke m'fumbi pafupi ndi bokosi lawo?"

"Ife tinaona phazi lanu pansi, a Mbewe."

"Ndikukuuza chimene chinalikweza."

"Foni ilibe manja. Munakwera nokha." Yohane sanasiye kukonola. "Anthu a ku Nyimba ndi ku Petauke munawaimira, osawadziwa n'komwe. Atate munawasiyira utsi."

"Ndinayamba kukumba ndi atate ako iwe usanamere mano. Sungandiphunzitse maliro iwe."

"Chabwino. Tidzaona amene adzakumbe anu."

Apa ndimakwiyira agogo, ngakhale ali m'manda. Nkhuku inali pomwepo, ikupalasa m'dengu m'manja mwa amayi. Akanangokhala pansi n'kulira mnzawo monga ankalirira kunyumba, Yohane akanalira nawo. Koma anatembenuka, khasu paphewa, n'kulunjika kumsewu. Kumudzi sanapondekonso ali moyo.

Ntchito nayo sanakhalitse nayo. Anakabweza makiyi n'kubwera ndi khasu ndi jekete pa minibasi. Kuyambira pamenepo malo awo anali pakhonde ku Kapata. Maliro a m'komboni ankapitabe, koma m'tauni khasu la mlendo silifunika, okumba amakhalapo kale. Wailesi anasiya kuikalipira. Chodabwitsa, Lamlungu amalume akabwera, ankawapempha kuti awaonetse timadontho pafoni yawo ya ntchito. Ankavala magalasi n'kuloza ndi chala.

"Uyu waima pati?"

"Pa Sinda, atate."

"Pali maliro?"

"Sikanena."

"Nanga kamanena chiyani?" ankatero, n'kubweza foni.

Anagwa pakhonde pomwepo m'mawa wina wozizira wa mu Juni, kapu ya tiyi ili m'manja. Kuchipatala sanatsegulenso maso.

Thupi tinapita nalo kumudzi, poti malo awo anali pafupi ndi agogo aakazi. Masamba anaikidwa pamsewu. Amayi anaika khasu lija pambali pa bokosi. Kutacha, adzukulu anabwera ndi makasu awo monga mwa mwambo, koma sanalowere kumanda. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, makasu atawagoneka pamiyendo. Mkulu wawo tsopano anali Yohane. Dzuwa linakwera. Kwaya inabwereza nyimbo zimene inali itaimba kale. Kwathu wachibale sakumba manda a m'bale wake, ndiye amalume ndi abale ena anangoima, manja lende. Aliyense ankadziwa chimene chikuchitika: munthu amene anakumbira msewu wonse analibe dzenje.

Amayi anatuluka m'nyumba ya siwa n'kukagwada pamaso pa adzukulu. Ine ndinali pakhonde ndi azimayi, ndinamva zonse.

"Dzukani mayi, inu simunalakwe," Yohane anatero. "Imbirani ku Lusaka atumize foni ija idzakumbe."

Amalume anapita, analankhula motsitsa, anatchula mbuzi.

"Sitikugulitsa kanthu pano, Kenedi. Iwe si ndiwe wa timadontho? Taona pa kompyuta yako ngati dzenje lakumbika."

Ena mwa adzukulu anaseka, ena anayang'ana pansi. Nthawi imeneyo ndinadana naye Yohane ndi mtima wanga wonse. Ndikudziwa kuti anaika atate ake utsi uja uli m'maso. Koma amayi anali chigwadire, maondo ali pamiyala.

Kenako tinamva mabuleki pamkuyu. Inali thiraki ya kampani yomwe ija, yodzaza ndi feteleza. Anatsika a Sakala, dalaivala amene agogo anamuphunzitsa ntchito, munthu wamfupi wokonda nthabwala. Foni yawo inalira asanatseke chitseko. Anayankha akuyenda kubwera pabwalo, mokweza, kuti tonse timve.

"Ee madamu, ndaima. Pa Madzimoyo. Ayi, sinawonongeke. Ndikuika a Mbewe. Omwe aja, a khasu. Lembani choncho."

Injini anaisiya ikulira. Asanafike pakhonde, inazima yokha. A Sakala anacheuka.

"Azimitsa. Andithandiza, bwenzi ndikungootcha dizilo."

Anagwada, anapepesa amayi, anayang'ana adzukulu pansi pa mango, ndipo sanafunse chilichonse. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi khasu la agogo.

"Manda ali mbali iti?"

Gogo wina wa m'kwaya analoza ndi mlomo. A Sakala anavula malaya a kampani n'kulowera kumsitu okha.

Mu Juni nthaka imakhala youma. Posakhalitsa tinayamba kumva khasu, limodzi lokha, likugunda patali. Kwaya inaleka kuimba. Sindinamvepo phokoso losungulumwa chotero. Linkagunda, n'kupuma, n'kugundanso. Adzukulu anasiya kuyang'anana. Yohane anamvetsera nthawi yaitali, kenako anaimirira.

"Munthu uyu sadziwa pamene pagona anthu. Atifukulira akuluakulu."

Anatola khasu lake, enawo n'kutsatira. Podutsa pamene panagwada amayi anaima pang'ono.

"Sitikukumbira atate anu, mayi. Tikukateteza manda athu."

Sananene kuti wakhululuka, ndipo sindilemba zimene sananene. Koma potsitsa bokosi, amene analowa m'dzenje kukalilandira kumutu anali Yohane.

Alonda anafika Misa ili mkati. Chimene agogo anachiopa pamaliro a mnzawo chinabwera pamaliro awo. Amalume a Kenedi ataona pikapu anadzuka n'kukawachingamira kumsewu. Ndinawaona akuloza thiraki, akuloza bokosi. Pambuyo pake anatiuza zimene ananena: mfuti zitsale m'galimoto, katundu ndi uyo palibe wamukhudza, dalaivala ali ndi dothi m'manja. Alondawo anali anyamata chabe. Anasiya mfuti. Mmodzi anavula kapusi. Anaima pamkuyu mpaka mwambo wonse unatha, ndipo azimayi anawapatsa madzi akumwa.

Zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima kuposa zonse. Ndiye kuti zinali zotheka. Munthu akanatha kuuza munthu mnzake kuti pano pali maliro, n'kumvana. Agogo anataya mnzawo, anataya mudzi, anakhala pakhonde mpaka kufa, chifukwa cha chinthu chimene chinatha ndi mawu ochepa ndi kapu ya madzi. Amene anawaimbira tsiku lija sindikumudziwa. Mwina ndi mtsikana wamkulu pang'ono kwa ine, amene nayenso ali ndi womupenyerera. Ndimafuna munthu woti ndimukwiyire, koma ndikafufuza ndimangopeza kadontho.

A Sakala anachotsedwa ntchito mwezi womwewo, chifukwa choima pamalo osaloledwa. Masiku ano amanyamula mchenga ndi njerwa pa kalole kakale ku Kapata. Amayi anawapatsa khasu lija, ndipo lili kumbuyo kwa mpando wawo. Amalume anapempha mabwana awo kuti pafoni ya madalaivala pakhale podina posonyeza kuti munthu waima pamaliro. Anayankhidwa kuti aziona. Akuzionabe. Pa chiliza Loweruka a Sakala anabwera, Yohane sanabwere.

Anthu akudya, ndinazemba n'kupita pamkuyu. Pamene pankaima thiraki pakuonekabe mikwasa iwiri ya matayala, koma udzu wayamba kuitseka. Pakati pake pali banga lakuda la oilo pamene sipamera kanthu. Mwala umene ankatsekera tayala uli pomwepo, ndipo nkhuyu zagwera ponseponse, palibe wozipondereza. Chakumtunda pang'ono pamsewu panali masamba, kaya kunagwa zovuta kwa ndani. Anali ataphwanyika kale, atamatirira phula. Ndili chiimire panadutsa mathiraki, ina pambuyo pa inzake, mphepo yake ikundiwomba kumaso. Dalaivala mmodzi anachotsa dzanja pachiwongolero n'kugwira chipewa chake. Sanaime.